Tsiku Limene a Yotamu Analeka Kugonja Dala

Ana inu, manja asaime, mtedza uwu sudziswa wokha. Makutu ndi amene alibe ntchito, ndiye ndibwerekeni. Iwe Tadala, kafoniko ika pansi, palibe amene akukufuna kumeneko.

Dzulo munandiseka mutandipeza pa Kasakula m'kanyumba koonetsera kanema kaja, ndili pakati pa anyamata, ndikukangana ndi mwini wake kuti achotse mpira wamiyendo aike tenesi. Munabwera kunyumba kuno mukuti agogo mutu wayamba kuzungulira. Mutu umenewu sunayambe dzulo. Unazungulira bambo anu a Josefe akadali kumsana kwanga.

Inali nthawi ya Chitaganya, pamene azungu anamanga dziko lathu mtolo umodzi ndi maiko ena awiri popanda kutifunsa. Ine ndinali nditakwatiwa ndi agogo anu a Lefani, tikukhala pafupi ndi mishoni ina kuseri kwa mapiri a Ntchisi awa. Ndinkagwira ntchito yochapa kunyumba kwa dokotala wachizungu wa pachipatala cha mishoniyo. Dzina lake linkatipota lilime, ndiye tinkangoti Dokotala Ndevu.

Inu mukati kuchapa mumanena kuviika malaya mu sopo wa ufa n'kupita kokacheza. Ife tinkasenza mtolo kupita kumtsinje, sopo wake wamtanda wouma ngati chikuni, kumenyetsa pamwala mpaka mapewa kuwawa. Kenako kuviika mu buluu, kenako mu phala la chinangwa kuti nsalu iume gwa, ndiye kusita ndi simbi ya makala. Kamoto kamodzi kakathothokera pa kolala, tsiku limenelo umapita kwanu ukupemphera njira yonse.

Tenesi ndinadana naye ndisanamuone. Lachitatu ndi Loweruka lililonse ankandibweretsera makabudula oyera atasanduka ofiira ndi dothi. Ndinkadzifunsa kuti munthu wamkulu, wa ndevu zake, wophunzira mpaka kutumbula anthu, amavaliranji zoyera pokagubuduzika m'fumbi. Ndiponso bwalo lakelo tinamanga ndife. Tinatuta dothi la pachulu m'madengu, kuthira madzi, kutsendera, amuna akukoka chimgudumu chachitsulo, pomaliza kulemba mizere ndi laimu. Pakati n'kumanga ukonde ngati akutchera mbawala. M'nyumba mwanga momwe ndinkazira sabata ndi sabata simunasalale ngati pabwalo limenelo.

Tsiku lina dona wake wa dokotala anandipeza ndikusita zovala, n'kundiuza kuti ndikaime kumapeto kwa bwalo ndizitola mipira ikathawira kutchire. Ndinapita monyinyirika. Pofika dzuwa kupendeka ndinali nditaiwala kuti ndinasiya simbi pa malaya a bwana. Malayawo anapsa, koma zimenezo n'zina.

Chinandivuta poyamba ndi kawerengedwe kawo. Munthu akapeza kamodzi amati fifitini. Akapezanso amati sate. Ukuyembekeza kuti apitiriza bwino, ukumva fote. Ndinati anthu awa ndi amene akuphunzitsa ana athu masamu. Akalingana pa fote amati jusi, koma palibe amene ankabweretsa chakumwa. Ndipo munthu amene sanapeze kanthu amati ali ndi lavu. Ndinafunsa aphunzitsi ena a pamishoni kuti lavu n'chiyani, iwo anati ndi chikondi. Ndinati pamenepo pokha azungu anena zoona, chifukwa agogo anu anandikwatira alibe ngakhale nkhuku. Seka pang'ono iwe Chisomo, ungatsamwe mtedza ukubawo.

Amene ankasewera ndi dokotala anali a Yotamu, adilesala a pachipatala, otsuka mabala ndi kubaya jakisoni. Dokotala anawaphunzitsa yekha chifukwa chosowa mnzake. A Yotamuwo anali munthu wamfupi, wamatewe, wamanzere. Kuwaona akuyenda pamsewu ukanati miyendo imeneyo singathamangitse ngakhale bakha. Koma akagwira chomenyera chija, thabwa lozungulira lolukidwa ndi tizingwe, ankasanduka munthu wina. Mpira unkachoka pa dzanja lawo uli chozungulira, ukagunda pansi n'kukhotera kumene munthu sakuyembekeza.

Sipanatenge miyezi itatu ndinaona chinthu. A Yotamu akamasewera ndi aphunzitsi, mpira sunkaphonya. Akamasewera ndi dokotala ankayamba bwino, kumuthamangitsa mkuluyo mpaka ndevu kunyowa, koma zikafika pothera dzanja lawo linkadwala mwadzidzidzi. Mpira mu ukonde. Wina kunja kwa mzere. Kenako n'kuwerama, "Mwandiposanso bwana." Dokotala n'kumapita kunyumba akuimba mluzu.

Tsiku lina ndinawadikira panjira ya kuchitsime.

"A Yotamu, ukonde uja unakulakwirani chiyani kuti muziumenya chotero?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Mayi a Josefe, inu ntchito yanu ndi kuchapa."

"Ndimachapa, koma maso sindimachapira limodzi."

"Ndili ndi ana anayi," anatero motsitsa mawu. "Ndiponso dokotala akundilembera kalata kuti chaka chamawa ndikapitirize maphunziro a zachipatala. Munthu amene akukulembera kalata sumuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wake."

Ndinawamva, koma mumtima zinkandiwawa ngati akundibera ine.

Anthu pamudzi anayamba kulankhula. Amati mkazi wa a Lefani sachoka kubwalo la azungu, maso ali pa adilesala. Ndikuuzeni zoona ana inu, popeza onse okhudzidwa anagona kale. Ine ndinkakonda dzanja lawo lamanzere basi, kuyambira paphewa kufika kuzala. Kwina konseko kunali kwa akazi awo, ndipo sindinkawachitira nsanje.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera ku esiteti ina ya fodya kutsidya kwa Dowa. Mwini wake anali mzungu amene anthu ankamutchula Bwana Tsabola, ndipo simufunika kufunsa chifukwa chake. Chaka chilichonse akatha kukolola ankaitana azungu anzake ku mpikisano wa tenesi, ndipo chaka chilichonse ankapambana ndi iyeyo. Chaka chimenecho panali polimba, anthu akukana Chitaganya m'misonkhano paliponse, ndiye azungu anafuna kuonetsa kuti akuda ndi oyera akukhala bwino. Anati pabwere munthu wakuda mmodzi adzasewere, ajambulidwe chithunzi akugwirana chanza ndi bwana. Dokotala Ndevu anati ali naye wake, waulemu, wosewera bwino koma osati kwambiri.

Anyamata a ndale atamva anapita kunyumba kwa a Yotamu masana dzuwa likuswa mtengo. Anawauza kuti akapita ndiye kuti agulitsa dziko, ndipo aliyense wokaonerera adziwe kuti udzu wa padenga lake ndi wouma. A Yotamu anali pakati. Kukana dokotala kunali kutaya maphunziro, kupita kunali kudana ndi mudzi. Anasankha kupita.

Ine ndinauza agogo anu kuti nanenso ndikupita.

"Mukufuna atiotchere nyumba chifukwa cha kampira kaubweya?" anatero.

"Nyumba yake iti, yodontha ija? Akaotcha mwina mudzafolera."

"Mayi a Josefe, ine ndine dikoni wa mpingo."

"Ndiye tsalani muzipempherera dengalo."

Kenako anaona kuti ndikapita ndekha anthu anena kuti ndatsatira adilesala, ndiye anakatenga jekete lawo lija la zigamba m'zigongono. Agogo anu anali munthu wamantha, koma manyazi ankawaposa mantha.

Inu masiku ano mukati ulendo mumaima pamsewu, njinga yamoto n'kukutengani, pofika mukudandaula kuti msana. Ife tinanyamuka Lachisanu m'mawa wapansi, mwezi wa chisanu, mphepo ya m'mapiri ikulowa mpaka m'mafupa. Kamba wathu anali mbatata yootcha, chimanga chokazinga, chigumu, ndi thobwa m'chipanda. Bambo anu kumsana, agogo anu kutsogolo akung'ung'udza chitunda chilichonse. A Yotamu anali atapita kale pagalimoto ya dokotala, atakhala kumbuyo pamodzi ndi galu. Tinagona kwa achemwali anga cha ku Dowa. M'mawa mwake lole yonyamula nkhuni inatitenga, tinakhala pamwamba penipeni, agogo anu atagwira chingwe ndi manja awiri akuimba nyimbo ya pamaliro.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Bwalo la kumeneko linali lozingidwa ndi waya. Azungu anakhala mbali ya mthunzi pamipando, madona atavala zipewa zazikulu ngati malichero. Ife, pamodzi ndi antchito a paesiteti amene anauzidwa kuti abwere kuti chithunzi chidzaze, anatiimika mbali ya dzuwa kunja kwa waya. Woweruza anakwera pampando wautali ngati nsanja yoingira anyani m'munda. Kapitawo wa paesiteti anayenda pamzere wathu akutichenjeza kuti pamasewera awa salankhula, satsokomola, mwana akalira mayi ake achoke.

M'mawa a Yotamu anali atagonjetsa kale azungu awiri, wina wogula fodya, wina mnyamata wa m'sitolo. Amenewo analibe kalata yoti awalembere. Dokotala anali atatuluka msanga mumpikisano, akudabwa kuti mwina ndi mphepo. Ndiye masewera otsiriza anatsala a Yotamu ndi Bwana Tsabola.

Masewerawo amawagawa zigawo zitatu, wotenga ziwiri ndiye wapambana. Bwana Tsabola anali chimunthu chachitali, nkhope yofiira, ndipo akamenya mpira woyamba uja umamveka ngati mfuti. Koma kuthamanga kunali kwa ng'ombe yapangolo. Ine ndinaona msanga kuti ukamuponyera kafupi ndi ukonde kenako kutali, munthuyo watha. A Yotamu anaonanso, ndikudziwa. Koma anayamba matenda awo aja. Ankabwezera mpira pamalo pomwe bwana waima, ngati akumupatsira mbale. Chigawo choyamba chinapita kwa bwana ngati madzi. Madona anaomba m'manja ndi nsonga za zala.

Popuma, bwana anapita kumthunzi kukamwa zake. Madzi a a Yotamu anawaikira m'chitini pafupi ndi waya, mbali yathu. Anabwera kudzamwa osayang'ana munthu. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka ndinafika pawayapo.

"A Yotamu."

Anapitiriza kumwa.

"Ndayenda masiku awiri, mwana kumsana. Mapazi awa aphulika. Kumudzi mwina nyumba yanga ikupsa panopa. Zonsezi kuti ndidzaone inu mukupatsira mzungu mbale?"

"Mayi, chonde," anatero, milomo yokha ikugwedera.

"Kugonja dala mukanagonjera konkuja, ndikanaonera ndili pafupi ndi kwathu. Ana anu anayi aja mukawauza kuti munabwera kudzatani kuno?"

Agogo anu ankandikoka nsalu kumbuyo. A Yotamu anaika chitini pansi, anandiyang'ana kamodzi, maso ofiira. Anatembenuka n'kubwerera pabwalo. Ndinaganiza kuti ndawalakwira kotheratu, ndipo mwina ndinawalakwiradi.

Chigawo chachiwiri chitayamba, bwana anamenya mfuti yake ija. A Yotamu anangoukhudza mpirawo, unadumpha ukonde pang'ono n'kugwa ngati dzira, osadzukanso. Bwana anathamanga, anafika mochedwa. Wotsatira anauponya pamwamba pa mutu wake, unakagwera pa mzere weniweni wakumbuyo, laimu n'kufuka. Wachitatu anaupotoza, bwana anamenya mphepo n'kuzungulira thupi lonse mpaka chipewa kugwa. Woweruza ananena chiwerengero, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinamva lavu ali wa mzungu.

Ndinaiwala malamulo a kapitawo. Nthungululu inatuluka yokha, yaitali, ya paukwati. Bambo anu anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Madona anatembenuka onse pamodzi. Kapitawo anabwera ndi ndodo kudzandichotsa, ndipo agogo anu, dikoni wa mpingo, anauza munthuyo kuti sakundidziwa. Anawakhululukira ndi Mulungu, ine zinanditengera mwezi.

Kapitawo uja anandithamangitsira kuseri kwa mabalani a fodya. Kumeneko kunali mulu waukulu wa nkhuni, wautali kuposa denga ili. Ndinamanga mwana bwinobwino, ndinakwinya nsalu, n'kukwera. Pamwamba pake bwalo lonse linkaoneka bwino kuposa pamene anakhala madona. Ndinaonera chigawo chachiwiri chonse ndili pamenepo, nyerere zikundiluma m'miyendo, ine osamva, mpaka a Yotamu anachitenga.

Chachitatu sichinali chophweka, ndisakunamizeni. Bwana Tsabola anali waukali koma sanali chitsiru. Anaona kuti a Yotamu mbali ya kumanja ndi ofookerapo, n'kumamenyera komweko. Analingana, n'kulingananso. A Yotamu anagwa kamodzi, bondo linasupuka, magazi kutsikira m'sokosi. Ndinaganiza kuti amene achape sokosi imeneyo ali ndi ntchito. Antchito a paesiteti aja anali chete, koma ndinkaona mapazi awo akupondaponda pansi. Mpira wotsiriza anabwezerana kakhumi ndi kanayi, ndinawerenga. Bwana anathamangira kuukonde kuti amalize, a Yotamu anaudutsitsa m'mbali mwake, pakati pa iye ndi mzere, malo oti mbewa yokha ndi imene ikanadutsa.

Panakhala bata loti ukanamva nkhuku ikupalasa. Kenako dona wina wokalamba anayamba kuomba m'manja yekha, ena n'kutsatira mokakamizika. Bwana Tsabola anapita paukonde, anagwira dzanja la a Yotamu ngati wagwira chule, wojambula anajambula. Chithunzi chimenecho palibe amene anachionapo.

Inu mukuganiza kuti amene anabwezera ndi Bwana Tsabola. Ayi. Iyeyo anangotukwana antchito ake sabata imodzi n'kuiwala. Amene zinamulowa mumtima ndi Dokotala Ndevu. Lolemba lake ndikusita pakhonde ndinamva akufunsa a Yotamu m'chipinda chochezera, m'Chichewa chake chopindika chija.

"Yotamu, zaka zisanu ndi chimodzi ine kupambana iwe. Zoona kapena bodza?"

Kenako dokotala anafunsanso.

"Ngakhale kamodzi ine osapambana zoona?"

"Kamodzi bwana, nthawi ija ndinali ndi malungo."

Ndinaluma nsalu kuti ndisaseke. Koma sizinali zoseketsa. Dokotala sanakalipe, sanawachotse ntchito. Anangoleka kusewera. Ukonde anaupinda, bwalo linamera chisoso, ndipo kalata ya maphunziro ija sinatchulidwenso. Patapita miyezi ingapo a Yotamu anawatumiza ku kachipatala kakang'ono kutali kumunsi kwa mapiri, kumene anakhala dilesala mpaka kupuma ntchito. Ine dona anandiuza kuti zochapa zachepa. Zinachepadi, makabudula ofiira kunalibenso.

Anyamata a ndale aja, amene ankati atiotchera nyumba, atamva kuti mzungu wagonja anakawanyamula a Yotamu pamapewa kuzungulira nawo msika akuimba, ngati anawatuma ndi iwo. Mpingo unandiika pa chilango miyezi itatu chifukwa choyenda ulendo wobwerera tsiku la Sabata, ndipo agogo anu, amene anayenda nane ulendo womwewo phazi ndi phazi, anakhala nawo pabwalo londiweruza. Akazi a a Yotamu sanandipatsenso moni mpaka tsiku losamuka. Pokweza katundu pangolo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu munaonera masewera anu. Ana anga adya chiyani pamenepo?"

Matenda anga sanathe. Dziko litamasuka ndinayamba geni ya tomato ndi anyezi, ndipo ndikamva kuti ku Lilongwe kuli mpikisano ndinkakwera basi ndi dengu langa, kugulitsa m'mawa, masana n'kukaima pawaya. Alonda a kumeneko anandizolowera mpaka ankandisungira njerwa yokhalira. Ndaona ana athu akuda akusewera atavala nsapato zodula, palibe wowauza kuti agonje. Ena ankasewera bwino ndithu. Koma ndinkati ndikaona wamanzere, mtima unkandigunda, kenako n'kukumbuka mawu a mayi aja pangolo.

A Yotamu ndinadzakumana nawonso patapita zaka zoposa makumi atatu, pamsika wa pa Mvera. Ndinawazindikira ndi miyendo. Anali atakalamba, maso atachita ng'ala, mdzukulu wawo wamkazi akugula mchere iwo atakhala pa benchi ya telala. Ndinaima patsogolo pawo.

"A Yotamu, ndine mayi a Josefe, wochapa uja."

Anatukula mutu. "Wa pankhuni uja?"

"Yemweyo. Ndakhala ndikufuna kukupepesani. Pakamwa pangapa panakudyerani maphunziro. Mukanakhala munthu wamkulu m'dziko muno."

"Mwina," anatero. "Akazi anga ananena zimenezo tsiku lililonse mpaka anamwalira. Masiku ena ndinkavomerezana nawo." Anasuntha pa benchipo kundipatsa malo. "Khalani apa. Pali chinthu chimene ndakhala ndikufuna kufunsa munthu, koma onse amene analipo sindinawaonenso. Inu munaonera masewera aja. Ine sindinawaone, ndinali m'kati. Ndimangokumbuka ludzu ndi bondo kuwawa. Tandiuzani mmene zinayendera."

Ndinatula dengu pansi. Ndinayambira pa mpira uja unagwa ngati dzira, ndinapita nawo umodziumodzi, chipewa kugwa, laimu kufuka, magazi m'sokosi, mpaka kubwezerana kuja kotsiriza. Iwo anatseka maso, dzanja lamanzere likugwedezeka lokha pabondo. Telala anaimitsa makina, azimayi ogula anaima ndi madengu pamutu. Basi ya kwathu inabwera, inaimba hutala, inapita. Tomato wanga anafota padzuwa.

Pena ndi pena ndinawonjezera mabodza awiri atatu kuti zikome. Ndinati bwana anagwa chagada, pamene anangodzandira. A Yotamu anatsegula diso limodzi n'kundiyang'ana.

"Anagwadi?"

"Miyendo m'mwamba," ndinatero.

"Pitirizani," anatero, n'kutsekanso disolo.